Wochiza Naye Amadwala: Katemera ndi Miliri ya Chifuwa Pakati pa Ogwira Ntchito M'chipatala

Kuno ku Domwe miyezi ya Juni ndi Julayi sitichita kuuzidwa kuti yafika. M'mawa udzu wa m'madambo umayera ndi chisanu, nkhungu imakuta phiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo aliyense amene ali ndi chitseko amachitseka. Ndi miyezi yomweyi imene chifuwa ndi chimfine zimayenda nyumba ndi nyumba. Munthu ukaima kutsogolo kwa mpingo tsiku la Sabata umamva kutsokomola kumbali ya amayi, kumbali ya abambo ndi pamkeka pa ana, mpaka mawu ako omwe kumira.

Mu Julayi 2021 tidaperekeza mayi wina wa mumpingo mwathu ku chimodzi mwa zipatala zing'onozing'ono za m'boma lino la Angónia. Mwana wake adali atatentha thupi usiku wonse. Tidafika mmamawa, koma tidapeza khonde litadzaza kale ndipo mzere sunkayenda. Titafunsa, mlonda adatiuza kuti ambiri mwa ogwira ntchito a pamalopo adali chigonere kunyumba ndi matenda a COVID-19. Padatsala namwino mmodzi, ndipo iyeyo ndiye ankaona odwala, kupereka mankhwala ndi kuthamangira ku chipinda cha amayi oyembekezera. Mwana uja adaonedwa dzuwa litapendeka. Adachira, ndipo patapita masabata awiri odwala aja nawonso adabwerera pantchito onse.

Pobwerera, mkulu wa mpingo amene tidali naye adatifunsa funso limene sitidaliiwale. Adati, "Abusa, anthu amenewa ndi amene adayamba kubayidwa katemera, ife tonse tisanabayidwe. Nanga ngati iwowo agona, katemerayo ndi wa ntchito yanji?" Tsiku limenelo tidalibe yankho lokwanira. Lero, patapita zaka, madokotala adaphunzira zambiri, ndipo taona kuti n'koyenera kuti tiyankhe funsoli bwinobwino, pakuti chisanu chimabwera chaka ndi chaka, ndipo mliri wina udzabweranso.

Mmene katemera adatifikira

Munthu woyamba kupezeka ndi COVID-19 m'dziko la Mozambique adalengezedwa pa 22 Malichi 2020 ku Maputo, ndipo kuyambira pa 1 Epulo boma lidaika malamulo a nthawi ya ngozi. Sukulu zidatsekedwa, ndipo nyumba zopemphereramo zidakhala zotseka miyezi ingapo. Kwa anansi athu ku Malawi odwala oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo. M'mwezi womwewo madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adanyanyala ntchito pofuna kuti apatsidwe zovala zodzitetezera. Ambiri a ife tidaona ngati nthendayi ndi ya m'mizinda, kufikira pa 12 Januwale 2021 pamene tidamva pa wailesi kuti nduna ziwiri za boma la Malawi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi.

Pa nthawiyo ogwira ntchito m'zipatala ankafa ambiri pa dziko lonse. Bungwe loona za umoyo la WHO lidayerekeza kuti kuyambira Januwale 2020 mpaka Meyi 2021 ogwira ntchito zaumoyo amene adamwalira ndi nthendayi adali pakati pa 80,000 ndi 180,000. N'chifukwa chake katemera atapezeka, maiko ambiri adagwirizana kuti oyamba kulandira akhale iwowo. Kuno ku Mozambique katemera woyamba, wokwanira kubaya maulendo 200,000, wa kampani ya Sinopharm, adafika kuchokera ku China pa 24 Febuluwale 2021. Ntchito yobaya idayamba pa 8 Malichi, ndipo nduna ya zaumoyo ya pa nthawiyo, a Armindo Tiago, ndiwo adayamba kupereka mkono. Ku Malawi katemera wa AstraZeneca wokwanira maulendo 360,000 adafika pa 5 Malichi, ndipo pa 11 Malichi mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adabayidwa poyera ku Zomba.

Patangopita miyezi itatu kapena inayi kudabwera mtundu wina wa kachirombo kameneka, wotchedwa Delta, umene unkafala msanga kuposa woyamba uja. Ndi umene udabweretsa funde lachitatu pakati pa chaka cha 2021, ndipo chigawo chathu cha Tete sichidasiyidwe. Ndiyo nthawi imene tidaima pakhonde lija.

Zimene katemera amachita ndi zimene sachita

Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira mdani lisanakumane naye. Munthu akabayidwa, thupi limapanga asilikali a mitundu iwiri. Ena amayendayenda m'magazi ndipo amagwira kachirombo kakangolowa. Ena amasunga chikumbukiro, ndipo amadzuka pamene nkhondo yayamba kale. Asilikali oyamba aja amachepa pakapita miyezi, koma achiwiriwo amakhalitsa. Tsono kachirombo ka chimfine kapena ka COVID-19 kamayamba kuswana m'mphuno ndi kukhosi, pakhomo penipeni pa thupi, pamene asilikali a m'magazi safikapo ambiri. Kotero munthu wobayidwa atha kugwidwa, kutsokomola, ngakhale kupatsira mnzake. Koma kachiromboko kakafuna kutsikira m'mapapo kuti kabweretse chibayo, kamapeza asilikali osunga chikumbukiro aja atadzuka kale. Apo ndi pamene pagona phindu lalikulu la katemerayu.

Palinso chinthu china. Tizirombo tina timasinthasintha maonekedwe, tina ayi. Ka chikuku sikasintha mokwanira kuti kazembe katemera, ndipo mwana amene wabayidwa kawiri amakhala wotetezedwa pafupifupi moyo wake wonse: mwa ana 100 obayidwa kawiri, pafupifupi 97 satenga chikuku n'komwe. Ka fuluwenza kamasintha chaka ndi chaka, n'chifukwa chake bungwe la WHO limaunikanso katemera wake chaka chilichonse, ndipo la maiko a kum'mwera kuno lingaliro limaperekedwa mu Seputembala. Ka COVID-19 nakonso kadasintha kangapo. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi ku South Africa adatulukira mtundu wotchedwa Omicron, umene udagwira anthu ochuluka zedi, obayidwa ndi osabayidwa omwe. Ife tidazolowera katemera wa ana wa kusikelo, amene amatseka khomo kotheratu, ndipo tidayembekezera kuti uyunso achita chimodzimodzi. Kukhumudwa kwa mkulu wa mpingo uja kudachokera pamenepo.

Umboni woti katemera adapulumutsa ogwira ntchito m'zipatala sudachokere kutali. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita kukagwira ntchito, kudachitika kafukufuku wotchedwa Sisonke, mawu a Chizulu otanthauza kuti tili pamodzi, amene adatsogolera ndi a Glenda Gray ndi a Linda-Gail Bekker. Kuyambira pa 17 Febuluwale mpaka pakati pa Meyi 2021 ogwira ntchito zaumoyo oposa 470,000 adabayidwa katemera wa Johnson & Johnson kamodzi. Atawayerekeza ndi anthu ofanana nawo amene sadabayidwe, kudapezeka kuti chiopsezo cha imfa chidatsika ndi magawo 83 pa 100, ndipo chiopsezo chogonekedwa m'chipatala chidatsika ndi magawo 67 pa 100. Ena mwa obayidwawo adadwala ndithu, koma ambiri adadwala pang'ono n'kudzuka.

Tsono yankho loyamba kwa mkulu uja ndi ili: anamwino aja adagona masabata awiri m'malo mogona kumanda. Koma yankholi silikwanira, pakuti masabata awiriwo chipatala chidali ngati chatsekedwa. Mayi amene mimba yamuvuta usiku sangadikire masabata awiri. Mwana wa malungo sangadikire. M'dziko lathu lino dokotala mmodzi amayang'anira anthu oposa 10,000, ndipo kumidzi kuno n'zoposa pamenepo. Namwino mmodzi akagona, midzi yambiri imagona naye. Choncho nkhani yoteteza ogwira ntchito m'chipatala sithera pa jakisoni.

Zimene zidaoneka m'zipatala za kwina

Zipatala zingapo zidalemba mosabisa zimene zidawagwera, ndipo tingaphunzirepo.

Ku Israel, pa chipatala chachikulu cha Sheba, kumayambiriro kwa chaka cha 2021 adayeza ogwira ntchito 1,497 obayidwa kawiri amene adakhudzana ndi wodwala kapena amene adali ndi zizindikiro. Okwana 39 adapezeka ndi kachirombo. Palibe amene adagonekedwa, ndipo ena mwa iwo sankamva chilichonse m'thupi. Komabe pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse adakhala akumvabe kufooka kapena zizindikiro zina kupitirira masabata asanu ndi limodzi. Phunziro lake ndi loti munthu wobayidwa atha kunyamula kachirombo osadziwa, ndipo amapezeka pokhapokha atayezedwa.

Ku Vietnam, pa chipatala cha matenda opatsirana cha mumzinda wa Ho Chi Minh, pakati pa 11 ndi 25 Juni 2021 ogwira ntchito 69 adapezeka ndi mtundu wa Delta, patangopita masabata asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu chibayidwire katemera wachiwiri. Onse adachira. Akatswiri ataunika kachiromboko adapeza kuti sikankafanana ndi kamene kankafala pakati pa anthu ena mumzindamo pa nthawiyo. Ogwira ntchitowo adapatsirana okhaokha, makamaka m'maofesi otsekeka mmene mphepo yakunja sinkalowa ndiponso mmene sikunali kokakamiza kuvala masiki. Munthu ankadziteteza pamaso pa wodwala, koma n'kumasuka pamaso pa mnzake.

Ku Finland, m'chigawo cha Kanta-Häme, mu Meyi 2021 mliri udayambira pa chipatala chachikulu n'kufalikira ku zipatala zina zitatu zing'onozing'ono. Odwala 58 ndi ogwira ntchito 45 adagwidwa, ndipo odwala 18 okalamba adamwalira. Ambiri mwa ogwira ntchito adali obayidwa ndipo ankavala masiki wamba. Pofuna kuthana ndi mliriwo adayamba kugwiritsa ntchito masiki othina bwino kumaso, a mtundu wa FFP2, amene ku maiko ena ofanana nawo amatchedwa N95. Apa tikuona kuti amene amalipira kwambiri mliri ukalowa m'chipatala ndi odwala okalamba ndi ofooka amene adapitako kukafuna thandizo la matenda ena.

Ku America, pa zipatala za yunivesite ya California mumzinda wa San Diego, mphamvu ya katemera poletsa kudwala pakati pa ogwira ntchito idali yoposa magawo 90 pa 100 kuyambira Malichi mpaka Juni 2021, koma mu Julayi idatsika kufika pafupifupi 65. Zinthu zitatu zidakumana: Delta adafika, miyezi idapitapo chibayidwire, ndipo pa 15 Juni boma la California lidachotsa lamulo lovala masiki. Mpanda umodzi ukafooka pamene ina yagwetsedwa kale, ng'ombe zimalowa m'dimba.

Njira zothetsera mliri m'chipatala

Kuchokera ku zochitika ngati zimenezi, odziwa zaumoyo amagwirizana pa njira zingapo. Palibe imodzi yokwanira payokha, koma zikaphatikizana zimagwira ntchito. Ambiri mwa owerenga tsamba lino ndi anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo a m'midzi amene kuno timawatchula kuti ma APE, okolopa m'mawodi ndi alonda a pachipata. Zambiri mwa izi mukuzidziwa kuposa ife, koma tikuzilemba kuti nawonso mpingo uzimve ndi kukuthandizani.

Choyamba, wogwira ntchito akadwala apume. Izi zikumveka zapafupi, koma ndizo zovuta koposa zonse. Namwino amene akudziwa kuti akapanda kubwera mnzake atsala yekha amamwa panado n'kuvala yunifolomu. Ife timamuyamika kuti ndi wodzipereka. Koma kachirombo ka fuluwenza kamayamba kufala kutatsala tsiku limodzi kuti munthu amve kudwala, ndipo ka COVID-19 tsiku limodzi kapena awiri, ndiye masiku oyambirira a kudwala ndiwo oopsa kwambiri kwa oyandikana naye. Mmodzi akapuma masiku ochepa, chipatala chimatsimphina. Akaumirira kubwera, patapita sabata onse amagona. Oyang'anira ayenera kunena poyera kuti kupuma chifukwa cha chifuwa si ulesi, ndipo azikonzeratu za amene angagwirizire.

Chachiwiri, kuyeza msanga. Pakapezeka awiri kapena atatu a pamalo amodzi akudwala mofanana m'masiku ochepa, umenewo ndi mliri kufikira zitatsimikizika kuti si choncho. Nkhaniyo ifike msanga kwa akuluakulu a zaumoyo ku Ulongwe, ndipo kumene zoyezera zilipo ayezedwe onse amene adakhala pafupi ndi odwalawo, obayidwa ndi osabayidwa omwe, odwala ndi ooneka athanzi omwe. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kubisa kuti pachipatala pagwa matenda poopa kuti anthu athawa kumangokulitsa vuto.

Chachitatu, mphepo. Poyamba tidauzidwa kwambiri za kusamba m'manja ndi kupukuta zitseko, ndipo kusamba m'manja ndi sopo n'kofunikabe. Koma mu Julayi 2020 akatswiri 239 adalemba kalata yochenjeza kuti kachiromboka kamayandama mumpweya, ndipo m'chaka cha 2021 bungwe la WHO lidavomereza zimenezi momveka. Munthu akamapuma, kuyankhula kapena kuimba, amatulutsa timadontho tosaoneka timene timatha kukhala m'chipinda chotseka nthawi yaitali, monga umachitira utsi m'khitchini yopanda zenera. Mankhwala a zimenezi safuna ndalama. M'chaka cha 2007 kudasindikizidwa kafukufuku wa m'zipatala zisanu ndi zitatu za mumzinda wa Lima ku Peru, amene adachitika pofuna kuchepetsa kufala kwa chifuwa chachikulu. Adapeza kuti kungotsekula mazenera ndi zitseko kunkasintha mpweya wa m'chipinda pafupifupi maulendo 28 pa ola, pamene makina odula a m'zipinda zapadera amayembekezeka kusintha maulendo 12. Nyumba zakale za mazenera akuluakulu ndi denga lalitali zinkafika maulendo 40, pamene zamakono zinkafika 17. Kuno mphepo tili nayo yokwanira. Vuto lathu ndi chisanu, chimene chimatitsekereza mazenera pa nyengo yomwe amafunika kutsekula. Kuli bwino kuwonjezera bulangeti kwa wodwala kusiyana ndi kutseka zenera la m'wodi, ndipo odikira kuonedwa akhale pakhonde kapena pansi pa mtengo osati m'kanjira ka m'kati.

Chachinayi, masiki pa nyengo ya mliri, ndiponso pamalo oyenera. Wodwala amene akutsokomola apatsidwe masiki akangofika pachipata, ndipo akhale payekha kapena aonedwe msanga. Wogwira ntchito amene akusamalira odwala chifuwa avale masiki othina bwino ngati alipo. Koma tikumbukire phunziro la ku Vietnam lija. Malo oopsa ndi kachipinda kodyeramo, kumene anthu asanu amazungulira mbale imodzi ya nsima chitseko chili chotseka, ndiponso galimoto imene amakwera onse popita kukabaya katemera kumidzi, mazenera atakwezedwa chifukwa cha fumbi. Pa nyengo ya mliri azidya mosinthana kapena panja.

Chachisanu, kugawa anthu. Odwala chifuwa chatsopano asagonekedwe bedi ndi bedi ndi amayi amene angobereka, okalamba, kapena amene chitetezo chawo cha m'thupi chidatsika chifukwa cha HIV, shuga kapena chifuwa chachikulu. Kumene ogwira ntchito alipo okwanira, agawidwe m'magulu awiri osasakanikirana, kuti gulu limodzi likagwidwa lina lipitirize ntchito. Wodwala akamatumizidwa ku chipatala china, kalata yake inene ngati kumene akuchokera kuli mliri, kuti olandirawo akonzeke. Kuno malire ndi mzere wa pamapu chabe. Anthu athu amapita ku Dedza, ku Lizulu ndi ku Ntcheu kukagula, kukagulitsa mbatatesi ndi kukalandira chithandizo, ndipo abale a kumeneko amabwera kuno. Kachirombo sikaima pa Calomue kuti kadinditse chiphaso.

Chachisanu ndi chimodzi, katemera wobwereza. Popeza asilikali a m'magazi aja amachepa ndi nthawi, ogwira ntchito zaumoyo amayenera kubayidwanso pamene Unduna wa Zaumoyo waitana. Ku South Africa, obayidwa mu kafukufuku wa Sisonke adalandira jakisoni wachiwiri kuyambira Novembala 2021, ndipo pa nthawi ya Omicron kudaoneka kuti adachepetsa kugonekedwa m'chipatala ndi magawo oposa 70 pa 100 m'miyezi yoyambirira. Bungwe la WHO limalangizanso kuti ogwira ntchito zaumoyo azibayidwa katemera wa fuluwenza chaka chilichonse, ngakhale kuti maiko a mu Africa amene adakhazikitsa ndondomeko imeneyi ndi owerengeka. Wogwira ntchito m'chipatala aonetsetsenso kuti adalandira katemera wa chikuku, pakuti chikuku chimafala mumpweya kuposa matenda onse tatchulawa.

Mbali yathu ife a mumpingo

Wina anganene kuti zonsezi ndi za a chipatala. Koma namwino amatenga kuti chifuwa? Nthawi zambiri ndife amene timamupititsira, pena m'wodi, pena pamaliro, pena pabenchi ya m'tchalitchi. Tili ndi miyambo yabwino imene pa nyengo ya mliri imafunika kuiyendetsa mwanzeru.

Kuzonda odwala ndi ntchito imene mpingo sungasiye, ndipo amayi a chigwirizano amaigwira mokhulupirika. Koma tonse tidaonapo gulu la anthu khumi ndi asanu litazungulira bedi limodzi, likuimba, m'wodi mmene muli odwala ena makumi awiri. Pa nyengo ya chifuwa titume awiri, athanzi, alowe mwachidule, ena onse atsale panja. Amene akutsokomola asapite n'komwe, atumize ufa kapena nkhuni. Wodikirira wodwala akhale mmodzi, ndipo namwino akatiuza kuti nthawi yoona odwala yatha, tisamuyese wankhanza.

Pa siwa timagona anthu ambiri m'nyumba imodzi, zitseko zotseka, nyimbo usiku wonse. Sitikunena kuti tileke kulira ndi olira. Tikunena kuti zenera litsekuke, okalamba ndi odwaladwala aloledwe kukagona kwawo popanda kuwanena, ndipo wachifuwa akhale panja pamoto. Chimodzimodzi m'tchalitchi: mazenera atsekulidwe ngakhale m'mawa wa Julayi, ndipo wodwala chimfine akatsala kunyumba Sabata limodzi asalembedwe kuti wafooka. Kupatula wodwala kwa kanthawi si nzeru yachilendo. Buku la Levitiko, mutu 13, limafotokoza za munthu wokayikiridwa nthenda ya pakhungu, amene ankapatulidwa masiku asanu ndi awiri kenaka n'kuonedwanso asanabwerere pakati pa anzake.

Tisamalenso pakamwa pathu. M'chaka cha 2021 mudayenda mphekesera zambiri zokhudza katemera, zina za kusabereka, zina zovekedwa mawu a chipembedzo, ndipo zina zidatuluka pakamwa pa atsogoleri a mipingo. Pa 19 Meyi chaka chimenecho dziko la Malawi lidatentha katemera wokwanira maulendo 19,610 amene adatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Ku Zimbabwe, m'chaka cha 2022, chikuku chidayambira m'chigawo cha Manicaland, kumalire ndi dziko lathu, n'kupha ana oposa 700, ambiri mwa iwo osabayidwa, ndipo ambiri ochokera m'mabanja a mipingo yoletsa chipatala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawu a mbusa kapena mkulu wa mpingo amalemera m'mudzi. Chimene sitikuchidziwa tikafunse kwa ophunzira ntchitoyo tisanachinene pa guwa.

Potsiriza, tiwaone ogwira ntchito m'chipatala ngati anthu. M'chaka cha 2020 ena a iwo ankathawidwa pamsika ndi m'minibasi poganiza kuti anyamula matenda. Namwino wa mumpingo mwanu akadwala, mlandireni monga mulandirira wodwala wina aliyense. Mtungireni madzi, mperekezereni ana kusukulu, muikireni chakudya pakhomo, kuti asakakamizike kudzuka asanachire. Makomiti a zaumoyo a m'midzi, mmene ambiri a ife timakhalamo, angathe kuchita zambiri ndi manja okha: kukonza zenera limene lidakhomedwa misomali, kumanga chisakasa chodikiriramo odwala, kuika ndowa ya madzi ndi sopo pachipata. Mutu umodzi susenza denga.

Tisaiwale msanga

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti COVID-19 si ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse monga idalili, ngakhale kuti kachiromboko kakadalipo ndipo kakuyendabe pamodzi ndi fuluwenza ndi tizirombo tina ta chifuwa. Masiki tidawataya, ndowa za pachitseko zidabwerera kukhitchini. Umu ndi mmene anthu tilili. Makolo athu adaona fuluwenza ya 1918, imene idapha anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lonse, ndipo ku South Africa kokha idapha pafupifupi 300,000 m'masabata owerengeka, n'kukwera kumpoto motsata njanji ndi njira za anthu obwerera kwawo kuchokera ku migodi. Patapita zaka 100 ambiri a ife sitinkadziwa n'komwe kuti zidachitikapo, ndipo tidayamba kuphunzira ngati a sitandade wani.

Mkulu wa mpingo uja tidakambirananso naye nkhaniyi chaka chatha, titakhala pakhonde pake. Tidamufotokozera zimene talemba panozi. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Ndiye kuti katemera ali ngati denga, Abusa. Mvula siikugwera pamutu, koma ukasiya chitseko pululu imakupezabe chammbali." Sabata lotsatira, kusanayambe mapemphero, tidamuona akuyenda yekha m'tchalitchi, akutsekula mazenera limodzilimodzi, amayi a kumbuyo akung'ung'udza ndi kukoka zitenje. Chisanu cha chaka chino chikafika, tikupempha mipingo yonse ya kuno ku Domwe ndi madera oyandikana kuti ichite chimodzimodzi, ndiponso kuti komiti iliyonse ipite ku chipatala chimene ili nacho pafupi kukafunsa anamwino chimene akusowa mliri usanafike.